Wowolotsa Ana a ku Cannington

Amayi a Mvano anali pakati pa nyimbo yachitatu pamene kamzukwa kanatulukira kuchokera kuzipinda zogona. Kanali kafupi, koyera mbee, ndipo kanabwera kakupapasa khoma. Nyimbo inaduka. Mayi wina anagwetsa buku, wina anatchula dzina la Yesu chapansipansi. Kamzukwako kanaponya mapazi atatu, kanaponda nsalu yake yomwe, n'kugwa chafufumimba pakati pa miyendo ya anthu olira.

Edda anazindikira nsapato. Zinali za Tamandani, mwana wake wamng'ono, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anazindikiranso nsaluyo. Inali ija amayi a Mvano anagula dzulo lake, yoti ikayalidwe m'bokosi la mwamuna wake, Fraser. Tsopano inali ndi mabowo awiri a maso, odulidwa mokhotakhota ndi sizasi ya kusukulu.

Panali patapita masiku asanu Edda ali pamatiresi pabalaza. Fraser anagwa Lamlungu m'mawa akutchetcha kapinga, mtima unangoima, ndipo ambulansi inafika atapita kale. Thupi linali likudikira mapepala kuti Lamlungu likubwerali likwere ndege ya ku Lilongwe, kenako galimoto ya kwawo ku Dedza. Mipando yonse inali itasamutsidwira kugalaja, komwe kunkakhala abambo. Wamasiye malo ake anali pamatiresipo, pakati pa amayi, mpaka mwamuna wake atalowa m'nthaka.

Amayi onse anayang'ana Edda, kudikira kuti alire kapena akalipe. Iye anadzutsa mwanayo, anamuvula nsaluyo, n'kuitambasula pamwendo. Chimene chinamubwerera m'mutu sichinali choti n'kuuza munthu pamaliro. Nsaluyi yatalika, mabowo achepa. Fraser sakanamulola mwanayu kudutsa pageti atavala chonchi.

"Sizasi wakupatsa ndani?"

"Ndatenga ndekha. Lero ndi Halowini. Adadi anati chaka chino ndikhala mzukwa."

Tamandani ankamva Chichewa chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingelezi cha kuno, chija chotulukira m'mphuno.

"Pita kuchipinda, mwana wanga," anatero Lilly, mnzake wa Edda wa kuntchito, yemwe anali atagona pambali pake masiku onsewa. "Nsalu tigula ina. Tiyeni amayi, tiyambirenso ndime ija."

Koma nyimbo ikaduka pamaliro, kugalaja amamva. Overtone anali ataima kale pachitseko. Anali mkulu wake wa Fraser, wowotcherera zitsulo ku Kwinana, mkulu wa mpingo, munthu amene sanavule suti yakuda chiyambire Lamlungu. Madzulo aliwonse ankaima pakona ya nyumba ndi foni, kuuza abale a ku Dedza zonse za tsikulo: amene abwera, amene sanabwere, amene analalikira, ndi mmene wamasiye wakhalira.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

"Mwana waboola nsalu, alamu."

"Ndikuona kuti waboola nsalu. Ndikufunsa kuti m'nyumba muno, muli maliro a mng'ono wanga, mukutuluka bwanji mizukwa?"

"Ndi masewera a ana akuno. Amavala zoopsa n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti."

"Ndimawadziwa. Kunyumba kwanga tsiku la lero timatseka makatani. Masewera ake oitana akufa."

"Ah, ba Overtone, mwana ni mwana," analowererapo Mutale, mayi wa ku Zambia amene ankayimba nawo kwaya. "Aziba chani uyu? Ali chabe na zaka sikisi."

Overtone sanamuyang'ane n'komwe.

"Lero palibe mwana wa pakhomo pano amene atuluke. Inu mlamu ndisachite kukuuzani, ndinu wamkulu. Kumudzi anthu akufunsa kale kuti munthu wamphamvu zake amangogwa bwanji pakapinga. Ine ndakhala ndikuwayankha kuti ndi mtima. Musandipatse zina zoti ndikayankhe."

Anatenga nsaluyo ndi zala ziwiri, anaiika pamwamba pa kabati, n'kubwerera kugalaja.

Edda anamva bwinobwino. Sanali mwana kuti amasuliridwe. Lolemba akatsika ndi bokosi pakati pa alongo anayi a Fraser, ndipo dzina limene akatsike nalo ndi limene adzakhale nalo mpaka kufa, iye ndi ana ake omwe. Mkazi amene anakhala pamatiresi masiku asanu ndi awiri akalandiridwa ndi manja awiri. Mkazi amene anadzuka pamaliro kukayenda ndi mizukwa mumsewu, mwamuna wake akali ku mochale, sakafunsidwa mafunso. Anthu akakhala atadziyankha kale.

Amayi anayambiranso kuyimba. Edda anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa folo koloko.

Chaka chawo choyamba mumsewu uno, nawonso anatseka makatani. Msewu wawowo ndi wachidule. Anthu ochokera kumasitolo akuluakulu a ku Cannington amadzera mmenemo pothawa maloboti, ndipo madzulo dzuwa limawalasa m'maso ndendende. Tsiku limenelo iye ndi Fraser anali kukhitchini pamene anamva matayala akulira. Mwana wa Debbie, mzungu wa nyumba yoyang'anizana ndi yawo, anali atadumphira mumsewu atavala chinsalu chakuda ndi chigoba chakumaso cha timabowo ngati ta batani. Iye sanaione galimoto, woyendetsa sanamuone iye. Mwendo unathyoka pawiri. Fraser ndiye anayamba kufika. Anagwada pa tala, anaugwira mwendowo osausuntha mpaka ambulansi itabwera. Atabwerera m'nyumba anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Za mizukwa ine sindizidziwa, koma galimoto ndimaidziwa."

Fraser anali wa zamagetsi ku mgodi wina kumpoto, milungu iwiri kumeneko, mlungu umodzi kunyumba. Khirisimasi ankaipereka kwa anzake mosavuta. Koma tsiku lomaliza la Okotobala sankalipereka kwa munthu. Ndipo anabweretsa mumsewumo lamulo la kumgodi, loti palibe amene amayamba ntchito asanayenderedwe. Ikakwana faifi koloko ana onse ankafola pasimenti yolowera galimoto, iye n'kumayenda pamzerewo ndi bokosi lake la zida. Chovala chizithera pamwamba pa akakolo. Nsapato zikhale zako, osati za amako. Tepi yonyezimira pamsana ndi pachifuwa. Chigoba chakumaso chizikhala pamutu poyenda, uzichitsitsa ukafika pakhomo la munthu. Lupanga losongoka ankalanda, n'kukudulira lina la katoni. Makolo ena ankaseka chaka choyamba. Chaka chachiwiri anabweretsa ndi ana a achibale awo omwe.

Edda sankapita nawo. Iye ankatsala pakhomo ndi beseni la maswiti, kudikira kuti gululo lidzamalizire kwawo. Ndipo Overtone sanauzidwepo. Fraser ankati, "Achimwene tisawadwalitse BP ndi zinthu zoti sangazisinthe."

Itatsala pang'ono kukwana faifi, Leah, mwana wamkulu, anabwera kudzagwada pambali pa matiresi. Anali wa zaka khumi ndi ziwiri ndipo chiyambire Lamlungu sanalire pamaso pa anthu, anatengera amake.

"Amami, a Debbie ali kukhomo la kukhitchini. Akuti mawu awiri okha."

"Auze alowe."

Debbie analowa atavula nsapato, monga anaphunzirira mlunguwo, ndipo anagwada movutikira chifukwa cha maondo ake. Analankhula motsitsa mawu.

"Pepani kwambiri, Edda. Ndinalembera makolo onse kuti chaka chino asabwere kuno. Ena sanawerenge, ena anawo angowathawa. Ndikuwachotsa pompano. Ndimati mungodziwa, musadabwe ndi phokoso."

"Ali kuti?"

"Pasimenti panu. Afola kale."

"Ndiye awayendera ndani?"

"Chaka chino aliyense aona wake."

Edda ankadziwa tanthauzo la aliyense kuona wake. Makolo amaima awiriawiri kucheza, wina maso pafoni, wina chitini cha mowa m'manja, ana n'kumadumpha msewu uku ndi uku kulondola nyumba imene yamanga chibaluni pageti, chizindikiro choti pali maswiti.

Anatambasula dzanja n'kukoka katani pang'ono. Ana anali ataima pamzere umodzi wowongoka, kuyambira pakhomo la galaja mpaka kubokosi la makalata, maso kwa abambo a masuti amene anali atasiya kucheza. Panali mfiti ya chipewa chosongoka, mafupa a munthu ojambulidwa pa zovala zakuda, dzungu la miyendo iwiri, ndi chinyama chobiriwira chimene mchira wake unkakokeka pansi ngati thumba la makala. Ana a azungu, a Amwenye, a ku Philippines, awiri a ku Sudan. Onse anali atatambasula manja m'mbali, kudikira kuyenderedwa. Palibe anawauza. Chakumapeto kunali kamtsikana kachilendo, kakuda bii kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kumaso kosaoneka.

Edda anasiya katani. Anadzuka, maondo n'kulira. Nyimbo inadukanso.

"Asisi, ganizani bwino," anatero Lilly, atamugwira chitenje. "Nditumeni ine. Tepi ndi tepi, ndimata."

"Mumata, inde. Koma ntchito ya mwamuna wanga sindingaitumire munthu ine ndili moyo."

"Nanga alamu anu aja?"

"Ndawamva."

"Ku Dedza mukapita nokha, ife sitikakhalako."

"Ndikudziwa kumene ndikupita, Lilly."

Anatsitsa nsalu yoyera ija pakabati. Anaitana Tamandani, anamuimika patsogolo pake, anamuyeza ndi chikhatho kuchokera paphewa mpaka pabondo. Anadula m'munsi monse. Pamene panali timabowo tiwiri paja anaboola bowo limodzi lalikulu lolowa mutu wonse, kuti nkhope ikhale poyera. Amayi ena anayang'ana pansi. Mutale anadzuka, anapita kubafa, anabwera ndi paudala n'kuyamba kumupaka mwanayo kumaso.

"Yawonongeka kale iyi," anatero Edda, osayang'ana munthu. "Bambo ake sangakane kugawana nsalu ndi mwana wawo."

Leah anali atabweretsa kale bokosi la zida. Edda anamanga bwino duku, anavala nsapato koyamba m'masiku asanu, natulukira khomo la kutsogolo.

Dzuwa linamuwawa m'maso. Makolo amene anaima pakapinga anasiya kulankhula. Overtone anadzuka pampando, anabwera kudzaima pafupi kwambiri kuti abambo ena asamve, ngakhale onse ankamva.

"Mlamu, bwererani m'nyumba."

"Ndibwerera, alamu, ndikamaliza."

"Anthu akukuonani."

"Andione."

Anagwada patsogolo pa mfiti ija, anapinda mpendero wa diresi n'kuubaya ndi mapini anayi. Leah ankadula tepi, iye n'kumamata, imodzi pamsana, imodzi pachifuwa. Dzungu linali litavala nsapato za mkulu wake, ndipo Edda anatumiza bambo ake kunyumba kukatenga zoyenera. Bamboyo, chimunthu chojambulajambula m'mikono, anathamanga ngati watumidwa ndi amake. Mchira wa chinyama chija anaukweza n'kuumangirira m'chiuno.

Overtone anatembenukira kwa abambo.

"Izi zayamba liti pakhomo pano?"

Anayankha Msaiwale, amene ankagwira ntchito mgodi umodzi ndi malemu.

"Chaka chino chikanakhala chachisanu ndi chiwiri, akulu. Kuntchito tonse timadziwa. Shifiti ya tsiku la lero timamugwirira mosinthana."

"Ndiye nonsenu mumadziwa, ine ndekha ayi?"

"Ankati inu ndinu otanganidwa ndi za mpingo."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Overtone anamuyang'ana mpaka chifuwa chinatha.

Debbie anasendera pafupi. Sankadziwa kuti akukangana chiyani, koma nkhope ya Overtone inali yosafuna womasulira.

"Inu ndinu mkulu wake eti? Mwana wanga anagundidwa apo, pamene pali chitini cha zinyalala. Mng'ono wanu ndiye anamugwira mwendo. Chiyambire pamenepo, mumsewu muno simunagundidwenso mwana."

Overtone anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira kwa azungu onse.

Edda anali atafika pa kamtsikana kakuda bii kaja. Anakakweza chigoba n'kuchiika pamutu. Kunatulukira maso awiri amantha.

"Ukuona bwino tsopano?"

"Koma sindikuopsa."

"Ukafika pakhomo la munthu uchitsitse, umuopse mpaka agwe. Pamsewu ndikufuna ndizikuona maso."

Anakamata tepi zitatu m'malo mwa ziwiri. Ataimirira anawerenga mitu. Makumi awiri ndi atatu, Tamandani wa makumi awiri ndi anayi. Leah anagawa matochi ang'onoang'ono amene anali pansi pa bokosilo, onse ali ndi mabatire atsopano.

Overtone anadzamuimiranso kutsogolo.

"Apa mpakhomo, ndalekerera. Mwamata, mwamaliza. Tsopano apatseni makolo awo azipita. Phazi lanu likaponda kunja kwa geti iyo, ine sindinama kwa abale anga. Ndikanena."

"Mukanene, alamu. Koma mukanene zonse, musadule."

"Simukuopa?"

"Ndikuopa. Alongo anu ndimawadziwa. Koma dzuwa ilo likutsika, ndipo pakangopita theka la ola woyendetsa aliyense wochokera uko akhala wakhungu."

Anamulambalala. Anatuluka pageti, anaima pakanjira ka anthu oyenda pansi, ndipo ana anamutsatira awiriawiri. Zinali zitachitika. Amayi a Mvano anali atadzaza pazenera. Edda anamva msana wake ukutentha ndi maso a anthu, koma sanacheuke.

Nthawi yomweyo pikapu yoyera inakhota pakona ya kumasitolo, nyimbo zikugunda, n'kudutsa ndi liwiro loti chipewa cha mfiti chinauluka kukagwera pakati pa msewu. Mwini chipewa anaponya phazi kuti achitsatire. Edda anamugwira kolala n'kumubweza.

"Chipewa sichifa," anamuuza. "Chisiye."

Kumbuyo kwake anamva mawu a Overtone, otsika, onjenjemera ndi mkwiyo.

"Taonani. Masiku asanu ndakhala pagalaja pano, ndikuziona zikudutsa chonchi. Pakhomo pali maliro, munthu osatsitsa ndi wailesi yomwe. Mng'ono wanga wafa ngati nkhuku, msewu wake womwe osadziwa."

Overtone anaima pamenepo manja ali m'chiuno, akuyang'ana kumene yalowera pikapu, kenako chipewa chija, kenako mzere wa ana. Analowa m'galaja n'kutuluka ndi sowo ya Fraser.

"Msaiwale, gwira makwerero."

Pakona ya mpanda panali mtengo wa bulugamu. Overtone anakwera ndi suti yake yomwe, nthambi n'kuyamba kugwa. Abambo a Chimalawi sanafunse kuti n'zachiyani. Aliyense wa iwo anakula akutsika panjinga akaona masamba aiwisi atayalidwa pamsewu, ndipo aliyense anaonapo dalaivala wa basi akuchotsa phazi pamoto, kondakitala akuvula chipewa. Anatola nthambizo, ena kulowera kumtunda, ena kumunsi.

"Akulu, akhansolo atiyendera," anatero Msaiwale.

"Abwere. Adzapepese maliro."

Anayala masambawo kumapeto onse awiri a msewu, kusiya mpata wa galimoto imodzi pakati. Pambali pa mulu uliwonse panaima abambo atatu a masuti akuda, manja kumbuyo. Galimoto yoyamba inafika, inazengereza, inatsitsa galasi. Edda anaona Msaiwale akuwerama kulankhula ndi woyendetsayo. Galimotoyo inadutsa ikukwawa, ndipo itafika pa chipewa chija inachilambalala. Yachiwiri inangotembenuka kubwerera kumaloboti.

Overtone anatola chipewacho, anachikuntha pantchafu, anachipereka kwa mwini wake atachigwira kunsonga ngati chinthu chotentha. Pasuti pake panali makungwa ndi timasamba.

"Mlamu," anatero, mokweza kuti amayi a pazenera amve, "maliro a mng'ono wanga ayambira pamasamba awo, akathera pamasamba awo. Aliyense amene ali pakatipa ali pamaliro. Wamasiye sanachoke pamaliro. Wondifunsa ndimuuza zimenezo."

Edda anamuyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire pabanjapo.

"Nanga mizukwayi mukati chiyani?"

"Ine ndikuona ana a anthu, abwera kudzapepesa. Za zovala zawo akafunsidwe makolo awo."

"Zikomo, alamu."

"Musandithokoze. Sindikugwirizana nazo. Ndipo maswiti amenewo asalowe m'nyumba muja ndisanawapempherere."

"Sadya panjira. Ndi lamulo la mng'ono wanu, amakatsegulira kunyumba wamkulu akuona."

"Chimenecho chokha anaganiza bwino."

Anayenda. Edda patsogolo, Debbie kumbuyo, makolo m'mbali. Anatsata mbali imodzi yokha ya msewu, kulowa mageti okhawo amene anamanga chibaluni. Pakhomo lililonse zigoba zinkatsika, ana n'kukuwa mawu awo opemphera maswiti, zigoba n'kukweranso. Eni nyumba akamuona Edda ndi duku lake ankasowa chochita ndi manja awo. Gogo wina wa nambala khumi ndi zinayi anasiya mbale ya maswiti pampando, anatsika masitepe ake atatu ndi ndodo, n'kumugwira dzanja. Edda anamulola pang'ono, kenako anati, "Ana akudikira, agogo," ndipo anapitirira.

Tamandani ankayenda pakati pa mzere, nkhope ili mbuu ndi paudala, nsalu ikuthera m'maondo. Sanapunthwe ngakhale kamodzi.

Atamaliza mbali imeneyo anafika kumtunda, pafupi ndi mulu wa masamba, pamene pankayenera kuwolokera kuti abwerere ndi mbali inayo. Overtone anali atafika kale, ataima ndi abambo ena. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa madenga, lofiira, lolasa m'maso. Tepi ija inayamba kugwira ntchito yake: galimoto ina itayatsa nyali patali, misana yonse inawala.

Ana anasiya okha kuyenda awiriawiri. Anapanga mzere umodzi, aliyense anaika dzanja paphewa la mnzake wa patsogolo, n'kuima zala za kumapazi zili m'mphepete mwa msewu. Edda anali asanaonepo zimenezi, pakuti pazenera la kwawo sipaoneka kumtunda kuno. Analowa pakati pa msewu, anayang'ana uku ndi uku. Galimoto ija inali itaima kuseri kwa masamba. Anawakodola ndi dzanja.

Palibe anasuntha.

"Bwerani, kulibe kanthu," anatero m'Chingelezi.

Ana anangomuyang'ana. Ngakhale chinyama chobiriwira chija, chimene chinavuta njira yonse, chinaima chilili.

"Sangawoloke choncho," anatero Debbie chakumbuyo. "Olo ine ndiwauze samva. Akudikira mawu a Fraser."

"Mawu ati?"

Edda anayang'ana Leah. Leah anagwedeza mutu n'kuyang'ana kumbali, ndipo misozi imene anaisunga masiku asanu inatsika pamaso pa msewu wonse.

Anayankha mwana wa patsogolo, dzungu lija, kamtsikana kofiira tsitsi kopanda mano awiri akutsogolo.

"Mukuyenera kunena kuti tiyeni."

Kananena liwulo mwa njira yake, lopindika, koma linali lomwelo. Abambo a pamasamba anayang'anizana. Edda anaima pakati pa tala, bokosi la zida m'dzanja lamanzere. Anakweza dzanja lamanja.

"Tiyeni."

"Pang'ono pang'ono," anayankha ana onse pamodzi, m'Chichewa cha m'mphuno, chopanda mantha, ngati anthu amene akhala akunena zimenezo moyo wawo wonse.

Anatsika mumsewu mmodzimmodzi, dzanja paphewa, akubwereza mawuwo pa phazi lililonse. Overtone anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso, n'kuyamba kuwerenga mitu ndi chala pamene inkamudutsa. Anafika makumi awiri ndi anayi. Palibe amene anathamanga.